Malcolm X ndi ntchito zimene dziko lake linamuikira

Ophunzira athu ambiri amamudziwa Malcolm X pa chithunzi: mwamuna wamtali wa magalasi, atakweza chala patsogolo pa maikolofoni. Ena amamudziwa ndi dzina limene anamwalira nalo, El-Hajj Malik El-Shabazz. M'kope lino tikufuna titsate moyo wake kudzera m'ntchito zimene anagwira ndi manja ake, chifukwa tsankho limene ankalimbana nalo linkalowerera mpaka m'thumba la munthu. Ndi tsankho limene linkagamula kuti wokolopa akhale ndani ndipo wokhala mu ofesi akhale ndani, kuti nyumba ya m'dera lakuti agule ndani, komanso kuti mayi wamasiye alipidwe kapena ayi.

Anabadwa pa 19 Meyi 1925 mumzinda wa Omaha, m'chigawo cha Nebraska ku America, ndipo dzina lake linali Malcolm Little. Ukapolo unali utathetsedwa m'dzikolo zaka 60 m'mbuyomo. Bambo ake, a Earl Little, anali mlaliki wa mpingo wa Baptist komanso otsatira a Marcus Garvey, munthu wa ku Jamaica amene ankaphunzitsa anthu akuda kudzidalira ndi kukhala ndi mabizinesi awoawo. Mayi ake, a Louise, anachokera pa chilumba cha Grenada, ndipo ankatumiza nkhani ku nyuzipepala ya bungwe la Garvey. Azungu a gulu la Ku Klux Klan ataopseza banjali, linasamuka mpaka linakakhazikika ku Lansing, m'chigawo cha Michigan. Kumeneko anagula nyumba, koma khoti linawalamula kuti atulukemo chifukwa mapepala a malowo ankati ndi a azungu okha. Asanatuluke, m'chaka cha 1929, nyumbayo inapsa usiku.

Mu 1931, Malcolm ali ndi zaka 6, bambo ake anapezeka atavulala koopsa pa njanji ya sitima zing'onozing'ono zamagetsi zoyenda mumzinda, ndipo anamwalira. Boma linati inali ngozi. Banja linkakhulupirira kuti anaphedwa ndi azungu a gulu la Black Legion. Malemuwo ankalipira inshulansi ziwiri. Yaing'ono inaperekedwa, koma kampani ya inshulansi yaikuluyo inakana kulipira, ponena kuti a Earl anadzipha okha. A Louise anatsala ndi ana asanu ndi awiri pa nthawi imene chuma cha America chinali chitagwa ndipo ngakhale azungu ankasowa ntchito. Anayamba maganyu osoka ndi ogwira m'nyumba za azungu. Popeza anali oyera khungu, ena ankawalemba poganiza kuti ndi mzungu, koma akangodziwa kuti ndi mkazi wa malemu a Little, ntchito inkathera pomwepo. Njala inalowa m'nyumba, akuluakulu a boma oona za osauka anayamba kubwera kawirikawiri kudzafunsa ana mafunso, ndipo pamapeto pake mutu wa mayiwo unasokonezeka. Anawatengera kuchipatala cha amisala ku Kalamazoo, kumene anakhala zaka 24. Ana anawamwaza m'makomo a anthu ena.

Malcolm anakathera m'tauni yaing'ono ya Mason, kumene pafupifupi anzake onse a m'kalasi anali azungu. Madzulo ankatsuka mbale mu lesitilanti ina. Kusukulu ankakhala m'gulu la ana okhoza kwambiri, ndipo anzake anamusankha kukhala mtsogoleri wa kalasi. Tsiku lina mphunzitsi wake wa Chingerezi anamufunsa chimene akufuna kudzakhala. Mwanayo anati akufuna kudzakhala loya. Mphunzitsiyo anamuuza kuti loya si ntchito imene mwana wakuda angaiganizire, ndipo anamulangiza kuti aphunzire ukalipentala poti manja ake anali aluso. Ana a azungu amene ankakhoza pang'ono kuposa iye, mphunzitsi yemweyo ankawalimbikitsa pa chilichonse chimene anatchula.

Apa tiime pang'ono, ife aphunzitsi ndi makolo. Ukalipentala ndi ntchito yolemekezeka, ndipo ena mwa amene amalipira fizi pasukulu pano amapeza ndalamazo ndi macheka ndi hamala. Vuto la malangizo aja ndi lakuti mphunzitsiyo sanaone malikisi a mwanayo, anaona khungu. Chopweteka china n'chakuti munthuyo sankamuda Malcolm. Ankamukonda, ndipo ankaona ngati akumuthandiza kuti asadzakhumudwe. Malcolm yekha anafotokoza pambuyo pake kuti kuchokera tsiku limenelo mtima wake unachoka pa sukulu. Pasanapite nthawi yaitali anasiya sukulu, ndipo sanabwererenso m'kalasi.

Mu 1941 anapita ku Boston kukakhala ndi mlongo wake wamkulu, Ella, mwana wa bambo ake kwa mayi ena. Kumeneko anaona chinthu chimene sanachiiwale. M'dera la Roxbury munali anthu akuda ena okhala kumtunda, ovala bwino, amene ankanyoza anzawo a kumunsi. Ukawafunsa ntchito, wina ankati ali ku banki, wina ankati ali m'boma kapena kwa maloya. Ukafufuza unkapeza kuti wa ku banki uja ndi wosesa, wa kwa maloya uja ndi mesenjala. Makwerero amene anthu akuda analoledwa kukwera anali aafupi kwambiri, moti amene anali pa sitepe yachiwiri ankadziona ngati mabwana kwa amene anali pa yoyamba.

Iye anayambira pansi penipeni. Anapolisha nsapato pa holo yovinira ya Roseland, kenako anagulitsa zakumwa zoziziritsa kukhosi m'sitolo ya mankhwala, kenako anachotsa mbale pa matebulo mu hotela. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatenga amuna ambiri, makampani a njanji anasowa antchito, ndipo mnyamata wa zaka 16 ananama zaka zake n'kulembedwa. Ankatsuka mapoto m'khitchini ya sitima, kenako n'kumagulitsa masangweji ndi khofi m'mabogi a sitima yoyenda pakati pa Boston ndi New York. Pa njanji za ku America masiku amenewo, munthu wakuda ankakhala wophika, woperekera zakudya kapena wonyamula katundu, ndipo gawo lalikulu la ndalama zake linkachokera pa tizisomo ta apaulendo. Malcolm anazindikira msanga kuti mzungu amapereka zambiri kwa wantchito amene akumusekerera ndi kudzichepetsa mopitirira. Chimene ankagulitsa kwenikweni chinali ulemu wake.

Ku Harlem, dera la anthu akuda mumzinda wa New York, anagwira ntchito yoperekera zakudya pa malo otchedwa Small's Paradise. Kuchokera pamenepo anatsetserekera m'njuga, kugulitsa chamba, kumwa mankhwala ozunguza bongo ndi umbava. Tsitsi lake ankaliwongola ndi mankhwala otentha osakaniza ndi mbatatesi ndi mazira kuti lifanane ndi la mzungu, khungu la m'mutu likupsa. Sitikufuna kukometsa zaka zimenezi. Anthu ambiri amene anawabera ndi kuwagulitsa chamba anali osauka ngati iye yemwe, ndipo panali anyamata ena a msinkhu wake amene anapirira pa ntchito zonyozeka zomwezo osaba. Mu Januwale 1946 apolisi anamugwira ku Boston akukatenga wotchi yakuba imene anaisiya kwa wokonza. Khoti linamupatsa zaka 8 mpaka 10. Iye ankakhulupirira kuti chilango chinakula chonchi chifukwa m'gulu lake la akuba munali akazi achizungu, amene anapatsidwa zilango zopepuka kwambiri. Analowa m'ndende asanakwanitse zaka 21.

Sukulu imene anaisiya anakaipeza m'ndende. Mkaidi wina wachikulire, John Bembry, amene akaidi ndi asilikali omwe ankakhala chete akamalankhula, anamuuza kuti ali ndi nzeru ndipo azigwiritse ntchito. Mu 1948 Ella anayesetsa mpaka mlongo wakeyo anasamutsidwira kundende ya Norfolk, imene inali ndi laibulale yaikulu ndi gulu la mtsutso. Atapeza kuti sangathe kulemba kalata yomveka, anatenga dikishonale n'kuyamba kuikopera pamanja, tsamba ndi tsamba, kenako n'kumawerenga mokweza zimene walemba. Magetsi akazimitsidwa usiku ankakhala pansi pafupi ndi chitseko n'kumawerengera kuwala kochokera m'khonde, akamva mapazi a msilikali n'kuthamangira pabedi. Anawerenga mbiri ya ukapolo, mbiri ya Africa ndi Asia, ndi mabuku a W. E. B. Du Bois. Magalasi a pa chithunzi aja anayamba kuvala ali m'ndende momwemo.

Nthawi yomweyo abale ake ankamulembera za gulu la Nation of Islam, lotsogozedwa ndi Elijah Muhammad, ndipo anamuuza kuti asiye fodya ndi nyama ya nkhumba. Apa tiyenera kulankhula momveka kwa ophunzira athu. Gululi linkatchula dzina la Allah, koma linkaphunzitsa kuti Mulungu anabwera m'thupi la munthu wotchedwa Wallace Fard Muhammad, kuti Elijah Muhammad ndi mtumiki wake, komanso kuti azungu onse ndi asatana mwachibadwa. Zimenezi n'zosemphana ndi Tawheed, n'zosemphananso ndi chikhulupiriro chathu chakuti Mtumiki Muhammad (SAW) ndi womaliza. Komabe sitingamvetse chifukwa chake anthu zikwizikwi analowamo tikapanda kuona zimene linkachita. Linkatola zidakwa, akaidi ndi omwa mankhwala, anthu amene matchalitchi a anthu ovala bwino sankawafuna, n'kuwasandutsa anthu odziletsa, osamala mabanja awo, okhala ndi masitolo, malesitilanti ndi sukulu zawozawo.

Anatuluka m'ndende mu Ogasiti 1952, ndipo anataya dzina la Little, limene linachokera kwa mzungu amene anali ndi makolo ake ngati akapolo. M'malo mwake anaika X, kuimira dzina la ku Africa limene linatayika. Mkulu wake Wilfred anamupezera ntchito m'sitolo ya mipando ndi katundu wa m'nyumba m'dera la anthu akuda ku Detroit. Imeneyi ndi ntchito imene sikambidwa kawirikawiri, koma ife tikuona kuti inamuphunzitsa zambiri. Sitoloyo inkaitana anthu kuti atenge katundu popanda kulipira kalikonse poyamba. Mipando yake inali yosalimba, mtengo wake wokwera, ndipo chiwongoladzanja chinkalembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono timene ogula sankawerenga. Malcolm ankaona manja okhakhala a anthu ogwira ntchito zolemetsa akusaina mapepala amenewo. Aliyense amene anaonapo m'bale wake atamangidwa ndi katapira akudziwa kumene nkhani yotere imathera, ndipo akudziwanso chifukwa chake chipembedzo chathu chinaletsa riba. Atachoka kumeneko anakagwira pa fakitale ya Gar Wood, yopanga mabodi a magalimoto onyamula zinyalala, kumene ankayeretsa m'mbuyo mwa owotcherera, komanso kwa kanthawi kochepa pa fakitale ya Ford.

Mu 1954 anaikidwa kukhala mtsogoleri wa nthambi ya gululi ku Harlem. Pasanathe zaka khumi anali atatsegula nthambi m'mizinda yambiri, atayambitsa nyuzipepala ya Muhammad Speaks, ndipo anali mmodzi mwa olankhula odziwika kwambiri m'dziko lonselo. Mu 1958 anakwatira Betty Sanders, amene ankaphunzira unamwino. Mu Epulo 1957 apolisi anamenya membala wina wa gululi, Johnson Hinton, mpaka kumuswa mutu, n'kumutsekera. Malcolm anafika papolisi ndi amuna ake ataima pamzere mwakachetechete, ndipo sanachoke mpaka wovulalayo atatengedwa kupita kuchipatala. Atatsimikiza kuti zatheka anangokweza dzanja, khamu lonse n'kubalalika.

Atolankhani ankakonda kumuonetsa ngati munthu wa chidani, ndipo pa zaka zimenezo analankhuladi mawu oipa onena za azungu onse. Koma amene ankamumvera m'misewu ya Harlem ankamva zimene ankazidziwa kale m'matumba mwawo. Ankawawerengetsera kuti amalipira lendi yokwera pa nyumba za makoswe, kuti chakudya chosakoma amachigula modula, ndipo eni nyumba ndi eni masitolo amatseka madzulo n'kupita ndi ndalamazo kumadera ena. Ankanenanso kuti lamulo lolola munthu wakuda kukhala pa tebulo limodzi ndi mzungu mu lesitilanti silithandiza amene alibe ndalama yogulira chakudyacho. Apa ndi pamene ankasiyana ndi atsogoleri ena akuda, amene ambiri anali ophunzira ndi opeza bwino. Mu 1962 analankhula pa msonkhano wothandiza antchito a m'zipatala za New York a m'bungwe la Local 1199, ochapa, ophika ndi okolopa, ambiri mwa iwo amayi akuda ndi a ku Puerto Rico, amene ankanyanyala ntchito pofuna kuti bungwe lawo livomerezedwe.

Koma Elijah Muhammad sankafuna kuti anthu ake azilowa m'zionetsero kapena m'ndale. Apolisi a ku Los Angeles atapha Ronald Stokes, mlembi wa nthambi ya kumeneko, mu Epulo 1962, gulu silinachite kanthu kooneka, ndipo Malcolm zinamuwawa. Kenako anatsimikiza kuti mtsogoleri amene ankamulemekeza ngati bambo ake anabereka ana mwa atsikana amene ankamugwirira ntchito ya ulembi. Mu Disembala 1963 analankhula mosasamala za imfa ya Pulezidenti Kennedy, ndipo anamuletsa kulankhula pagulu kwa masiku 90. Mu Malichi 1964 anatuluka m'gululo.

Mwezi wotsatira anapita ku Hajj ndi ndalama zimene Ella anamubwereka. Ku Jeddah anamuimitsa kaye kuti atsimikize ngati analidi Msilamu. Kumeneko, munthu amene anakhala zaka zoposa khumi akutsogolera anthu m'dzina la Chisilamu anapeza kuti sadziwa kuswali monga mmene Asilamu a dziko lonse amaswalira. Mawu a Chiarabu sankawadziwa, ndipo miyendo yake inkakana kupinda pokhala pansi. Sanabise zimenezi. Anayamba kuphunzira ngati mwana wa ku madrasa, ali ndi zaka 38. Atavala ihram anadya m'mbale imodzi ndi kugona pa mphasa imodzi ndi Asilamu a maso obiriwira ndi tsitsi lofiirira, ndipo analembera kwawo kuti wasiya kuweruza munthu poona khungu. Anaima pa Arafat, pa Hajj yomwe Mtumiki (SAW) anaphunzitsira kuti Mwarabu saposa amene si Mwarabu, ndiponso woyera saposa wakuda, kupatula pa kuopa Allah.

Tisafulumire kudziombera m'manja pamenepa. Dziko la Saudi Arabia limene linamulandira linali litathetsa ukapolo mwalamulo mu 1962, zaka ziwiri zokha m'mbuyomo, ndipo kunyozana chifukwa cha khungu kapena mtundu sikunathe pakati pa Asilamu, ngakhale m'mizikiti yathu. Chimene Malcolm anaona ndi zimene Chisilamu chimachita anthu akachitsata. Tisaganizenso kuti Hajj inamufewetsa pa nkhani ya chilungamo. Anabwerako akunena kuti mzungu si woipa mwachibadwa, koma dongosolo la chuma ndi ndale za America ndi limene limadyera pa tsankho, chifukwa pamafunika anthu ena amene azigwira ntchito yotsika mtengo ndi kulipira lendi yokwera.

Anayendera Nigeria, Ghana ndi mayiko ena, ndipo ophunzira a ku Ibadan anamupatsa dzina la Chiyoruba loti Omowale, kutanthauza mwana amene wabwerera kwawo. Mu Juni 1964 anakhazikitsa bungwe la Organization of Afro-American Unity. Mu Julayi, Malawi atangolandira ufulu masiku ochepa m'mbuyomo, anali ku Cairo pa msonkhano wa atsogoleri a bungwe la OAU, umene Dr Banda analiponso. Anapereka chikalata chopempha mayiko a Africa kuti atengere nkhani ya anthu akuda a ku America ku United Nations. Atsogoleriwo anapereka chigamulo chofatsa chodandaula za tsankho la ku America, koma palibe dziko limene linakasuma.

Pa 12 Febuluwale 1965 anali ku Smethwick, tauni ya mafakitale osungunula zitsulo pafupi ndi Birmingham ku England. Anamuitana ndi a bungwe la Indian Workers' Association. Antchito ochokera ku India, Pakistan ndi ku Caribbean ankagwira ntchito zotentha kwambiri m'mafakitalewo, koma azungu a mumsewu wa Marshall Street anapempha khonsolo kuti izigula nyumba zogulitsidwa kuti anthu akuda ndi Amwenye asalowemo. Malcolm anayenda mumsewu umenewo. Nkhani yake inali yomwe ija ya nyumba ya bambo ake ku Lansing.

Kwawo nakonso nyumba inali pa mlandu. Zaka zonse zimene anatumikira Nation of Islam sanasunge chuma m'dzina lake, ndipo nyumba imene ankakhala ku Queens inalembedwa m'dzina la gululo. Atatuluka, gululo linamusumira ndipo khoti linalamula kuti achoke. A komiti za mizikiti angafune kuganizirapo za mashehe ndi aphunzitsi a madrasa amene amatumikira zaka zambiri akukhala m'nyumba ya mzikiti, ndi kumene mabanja awo amapita ntchito ikatha. Usiku wa pa 14 Febuluwale anthu anaponya mabomba a petulo m'nyumbamo, iye ndi mkazi wake ndi ana awo aakazi anayi ali mtulo. Onse anapulumuka.

Pa 21 Febuluwale 1965, atangopereka salaam kwa anthu amene anasonkhana mu holo ya Audubon ku New York, amuna okhala ndi mfuti anamuwombera pamaso pa mkazi wake ndi ana ake. Anali ndi zaka 39. Betty anali woyembekezera, ndipo pambuyo pake anabereka mapasa aakazi. Amuna atatu a Nation of Islam anapezeka olakwa kukhoti mu 1966. Mmodzi anavomera mlandu n'kunena kuti awiri enawo sanali nawo, koma khoti silinamumvere. Awiriwo, Muhammad Aziz ndi Khalil Islam, anayeretsedwa mu Novembala 2021, zitadziwika kuti apolisi ndi a FBI anabisa umboni, Khalil Islam atamwalira kale. Elijah Muhammad atamwalira mu 1975, mwana wake Warith Deen Mohammed anatsogolera anthu ambiri a gulu lija kulowa m'Chisilamu cha Sunnah.

Thupi la Malcolm linasambitsidwa ndi kuvekedwa sanda ndi Sheikh Ahmed Hassoun wa ku Sudan. Mwambo wa maliro unachitika pa 27 Febuluwale m'tchalitchi china cha ku Harlem chimene chinavomera kupereka malo, ena atakana poopa chipolowe, ndipo anamuswalira Janaza. Kumanda a Ferncliff, adzukulu olembedwa ntchito pamalopo, amene anali azungu, anaima pambali ndi mafosholo kudikira kuti anthu achoke. Anzake a malemuyo anakana kuchoka. Anayamba kukwirira ndi manja, kenako anatenga mafosholowo n'kumaliza okha.